Mafani a m'kabati ya batire atangoti zii

Galimoto yanga ndi Toyota Hiace yogonamo, inabwera kuchokera ku Japan ili kale ndi bedi ndi kasinki. Pansi pa bedi pali kabati momwe mumakhala batire yachiwiri, inveta (chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) ndi kabokosi koyendetsa magetsi a sola. Zonsezi zimatulutsa kutentha, ndiye ndinaikamo mafani awiri a mavolti 12, ngati a m'kompyuta aja, kuti azidzuka okha mukatentha n'kuzima mukazizira.

Mu Okutobala tinatsikira ku Majete. Amene anatsikapo Thabwa mwezi umenewu akudziwa mmene dzuwa la ku Chikwawa limaswera mtengo. Masana inveta inayamba kulira kenako n'kuzima. Nditatsegula kabati, chitsulo chake sichimagwirika, mafani ali duu. Zinandiwawa, chifukwa kutentha kumadya moyo wa batire, ndipo batireyo ndinaigula ndi ndalama za thukuta.

Titabwerera kunyumba ku Chilomoni ndinafuna kuthamangira ku Limbe kukagula mafani atsopano. Bambo wina wachikulire wa pafupi nafe, yemwe ndi mmisiri wa magetsi a galimoto, anandigwira mkono. "Achimwene, mwawayesa mafaniwo musanawataye?" Anandibwereka mita yake yoyezera magetsi n'kukhala pa mpando kumandiyang'ana.

Ndinayambira pa fyuzi. Mbali zonse ziwiri mita inawerenga mavolti 12.6, kusonyeza kuti ndi yamoyo. Kenako ndinamasula mafani n'kuwalumikiza ku batire mwachindunji, waya wofiira ku pulasi, wakuda ku mayinasi. Onse awiri anazungulira bwinobwino. Pamenepo ulendo wa ku Limbe unafera m'mazira.

Chotsala chinali kachipangizo koyeza kutentha, ka mtundu wa W1209. Kali ndi sikirini ya manambala atatu, mabatani atatu, relay (kaswitchi kodziyatsa ndi kudzizimitsa kokha), ndi sensa ya mutu wachitsulo yomvera kutentha pa waya wopyapyala. Ndinadina batani la SET kwa masekondi angapo mpaka panatuluka P0. Apa payenera kukhala C, kutanthauza kuziziritsa. Pakakhala H kachipangizoko kamagwira ntchito chododometsa, kumadzutsa mafani kukazizira. Panga panali C. Ndinaviika sensa m'kapu ya madzi ofunda, manambala anakwera, relay inati "tiki", mafani n'kuyamba. Ndinakanda mutu. Chilichonse chikugwira ntchito pabwalo pano, nanga ku Majete chinavuta n'chiyani?

"Kumeneko galimoto imayenda pa mabampu, apa yangoima," anatero bambowo. "Gwedezani mawaya."

Ndinagwedeza limodzi limodzi. Nditafika pa waya wa sensa, sikirini inasintha n'kulemba LLL, mafani n'kuzima nthawi yomweyo. Nditausiya, manambala anabwerera. Sensa imeneyi ndi ya NTC: pa madigiri 25 mita imawerenga ma ohm (muyeso wa mmene chinthu chikukanira kudutsa kwa magetsi) pafupifupi 10,000, ndipo ikamatentha nambalayo imatsika. Waya ukaduka nambala imakwera kopanda malire, kachipangizo n'kumaona ngati kwazizira koopsa, choncho sikadzutsa fani ngakhale m'kabati mukuyaka moto.

Ndinautsata ndi zala mpaka pa hinji ya chitseko cha kabati. Pulasitiki yakunja inali yosang'ambika, kungophwatalala pang'ono ngati yolumidwa ndi dzino, koma mkuwa wam'kati unali utaduka, nsonga zake zikungokhudzana. Ndine ndemwe ndinadutsitsa wayawo pamenepo tsiku lomwe ndinkaika mafani, ndipo chitseko chinkaupana nthawi iliyonse ndikatseka. Ndinadula poipapo, kulumikiza mwa kuwotcherera, kukulunga tepi, n'kuudutsitsa kukhoma lakumbuyo.

Ndikanalekera pomwepo, koma masana ake ndinaona china. Inveta ikugwira ntchito, yatentha ndithu, sikirini n'kumangoonetsa madigiri 31. Sensa inali ikulendewera pansi, pafupi ndi bowo lolowera mpweya, ndiye imayeza mpweya wozizira wongolowa kumene. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba. Ndinaisamutsira kudenga la kabati, pamwamba pa inveta koma osakhudza chitsulo, ndipo posakhalitsa inawerenga 39.

Ndinayang'ananso kolowera mpweya. Ndinaika kapepala kopyapyala kutsogolo kwa fani iliyonse: yapansi iyenera kukokera mpweya m'kati, yapamwamba kuukankhira kunja. Zonse zikamapemerera m'kati, mpweya wotentha umasowa kothawira. Zanga zinali bwino, kungoti sefa yapansi inali itatsekeka ndi fumbi lofiira ndi ubweya wa bulangete. Mswachi wakale unathana nazo.

Pomaliza ndinatchera kutentha pa 33, ndipo P1, womwe ndi mpata wa pakati pa kudzuka ndi kuzima, ndinauika pa 4. Motero mafani amadzuka pa 37 n'kuzima pa 33. Mpatawu ukachepa relay imangokhalira tiki tiki mpaka kutha msanga. Kuno ku Blantyre amapumula usiku wonse. Kuchigwa cha Shire m'chilimwe adzazungulira tsiku lonse, poti fani siingaziziritse kabati kuposa mpweya womwe ikukoka, ndipo ine ndavomereza zimenezo. Magetsi omwe amadya ndi ochepa poyerekeza ndi mtengo wa batire.

Loweruka ndinayendetsa galimoto pa msewu wafumbi wokumbikakumbika, mwana wanga atakhala pansi kumbuyo maso ali pa sikirini, kumandiwerengera manambala mokweza. LLL sanatulukenso. Mita ija ndinakabweza madzulo ake pamodzi ndi paketi ya shuga.