Mipata ya lithiamu mu LLZO: fomula imodzi, manambala osiyana

Pa ma seramiki amene akuyesedwa kuti alowe m'malo mwa madzi a m'batire ya lithiamu, Li7La3Zr2O12, imene ambiri amangoti LLZO, ndiyo imaonetsa bwino ntchito ya doping, kutanthauza kuthiramo pang'ono chitsulo china (dopant) kuti isinthe khalidwe. Murugan, Thangadurai ndi Weppner anaifotokoza mu 2007 ku yunivesite ya Kiel ku Germany, ma atomu ake atayalana m'kaimidwe ka cubic, conductivity yake (mmene imadutsitsira ma ayoni a lithiamu) ili pafupifupi 3×10⁻⁴ S/cm pa 25°C. Mu 2009 Awaka ndi anzake ku Japan anapanga LLZO ya fomula yomweyo koma ya kaimidwe kena kotchedwa tetragonal, ndipo nambala inagwa kufika cha pa 10⁻⁶. Kusiyana kwake n'kopitirira ka 100.

Nkhani yagona pa malo okhala. Mu tetragonal lithiamu yakhala mwadongosolo, mipando yake yonse yadzaza, moti ayoni ilibe podumphira. Mu cubic mipando imachuluka kuposa okhalapo, ndiye ma ayoni amasuntha mosavuta. Vuto n'lakuti LLZO yosasakaniza ikazizira imabwerera ku tetragonal. Mu 2011 Geiger ndi anzake anaonetsa kuti aluminiyamu yochokera mu crucible (chiwiya chootcheramo) ya alumina imalowerera mu ufa pootcha n'kugwira cubic kuti isabwerere. Kunena kwina, chiwiya chootcheramo chinkachita doping osatumidwa.

Masamu ake ndi osavuta. Al³⁺ imodzi imachotsa Li⁺ zitatu, n'kukhala pa mpando umodzi, mipata iwiri n'kutsala. Ta⁵⁺ (tantalum) ikalowa pa malo a Zr⁴⁺ (zirconium) imachotsa Li⁺ imodzi. Cubic imakhazikika mipata ikafika 0.4 mpaka 0.5 pa fomula, n'chifukwa chake aluminiyamu timaika 0.2 mpaka 0.25, pomwe tantalum timaika 0.4 mpaka 0.6. Kupitiriza apo sikuthandiza, mipata ichuluka koma ma ayoni onyamula magetsi achepa. Tantalum ndimaiona yabwino koposa chifukwa siikhala m'njira ya lithiamu, Li6.4La3Zr1.4Ta0.6O12 imafika pafupifupi 1×10⁻³ S/cm. Aluminiyamu imakhala pamphambano pomwe ma ayoni amadutsa, ndiye nthawi zambiri imathera pa 3 mpaka 5×10⁻⁴. Gallium imapitirira 10⁻³, koma iyo ndi niobium zimavuta zikakhudzana ndi chitsulo cha lithiamu.

Komabe dopant ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo lili pa ng'anjo. La2O3 imamwa chinyezi ndi CO2, choncho iyambe yaotchedwa pa 900°C kwa maola 12 musanaiyeze pa sikelo. Mukalumpha sitepe imeneyi, mukuyeza madzi n'kumati ndi lanthanum. Onjezani lithiamu ndi 10 peresenti chifukwa imauluka pa moto waukulu. Perani mu isopropanol ndi timipira ta zirconia, otchani pa 900°C kwa maola 6 mpaka 12, peraninso, kenako psinjani ufawo ukhale kambulu kozungulira. Sintering, kuotcha komaliza kuti njere za ufa zimatane, imachitika pakati pa 1100 ndi 1230°C, kambuluko mutakakwirira mu ufa wake womwewo. Ngati mukufuna kuona mphamvu ya tantalum yokha, gwiritsani ntchito crucible ya MgO, apo ayi aluminiyamu ilowa mozemba.

Lithiamu ikathawa yambiri, XRD (kuunika kaimidwe ka ma atomu ndi ma X-ray) imaonetsa La2Zr2O7, imene siidutsitsa ma ayoni. Kambulu kakakhala ndi timabowo, density ili pansi pa 90 peresenti, malire a pakati pa njere ndi amene amalamula, ndipo ufa wabwino umaoneka ngati wachabechabe. Cholinga chikhale 95 peresenti kupita m'mwamba. Mdani wina ndi mpweya wa m'chipinda momwemo. Chinyezi chimalowetsa H⁺ m'malo mwa Li⁺, pamwamba pamapangika LiOH, kenako Li2CO3. Palani nkhope zonse ziwiri ndi sandpaper youma mu glovebox (bokosi lotsekeka losalowa mpweya wakunja) ya argon, osati ndi madzi.

Poyeza, kutani mbali zonse ziwiri ndi golide kuti lithiamu isadutse, kenako chitani impedance (kuyeza mmene kambulu kakukanira magetsi osinthasintha) kuyambira 7 MHz, kapena pamene makina anu amalekeza, kutsika mpaka 1 Hz, pa 10 mpaka 50 mV. Fomula ndi σ = L/(R×A): σ ndi conductivity, L ndi kukhuthala kwa kambulu mu cm, R ndi resistance, A ndi kukula kwa nkhope yake. Kambulu kokhuthala 1 mm, kotambalala 10 mm, kali ndi A ya 0.785 cm². R ikakhala 255 Ω, σ ndi 0.1/(255×0.785), kutanthauza 5×10⁻⁴ S/cm.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: R imeneyo ndi ya chiyani? Pa graph ya Nyquist, yoonetsa zotsatira za impedance, pamayenera kuoneka mauta awiri, wa m'kati mwa njere ndi wa m'malire, kenako mchira wa ma electrode. Pa 25°C uta woyamba umabisala kupitirira 1 MHz, ndiye wina amatenga poyambira uta wooneka n'kulemba conductivity ya m'kati mwa njere ngati ya kambulu konse. Capacitance (kuchuluka kwa magetsi amene gawo lingasunge) ndiyo imaulula: ya njere imakhala cha pa 10⁻¹² F, ya malire imakhala yokulirapo, 10⁻¹¹ mpaka 10⁻⁸ F. Kuziziritsa kambulu kufika pa −20°C kumatsitsa frequency ya mauta onse awiri kuti aoneke padera. Mukayeza pa kutentha kosiyanasiyana n'kujambula ln(σT) motsutsana ndi 1/T, cubic yabwino imapereka activation energy (mphamvu imene ayoni imafuna kuti idumphe) ya pafupifupi 0.3 eV. Ikakwera kupitirira 0.4 eV, bwererani ku XRD ndi density musanaimbe mlandu dopant.