Msomali umene unandivinitsa ku Jerez

Nsapato zovinira flamenco, gule wa ku Spain, zimakhala ndi misomali. Wopanga amakhoma timisomali tifupitifupi mothinana kutsogolo kwa zala ndi pansi pa chidendene, kenaka amatipala mpaka tisalale. Chikopa cha pansi chimakhala chokhuthala, chidendene n'cha mtengo, chotalika pafupifupi masentimita 5, ndipo pamakhala lamba wogwira phazi kuti nsapato isauluke. Zabwino zimapitirira mayuro 100. Nditamva mtengowo ndinakumbukira kuti malemu bambo anga anali kalipentala. Ndinagula misomali, ndinabwereka hamala kwa mwini nyumba, n'kukhoma pa nsapato zanga za kutchalitchi.

Apa n'kuti ndili ku Jerez de la Frontera, kum'mwera kwa Spain, kumene mwana wanga anandilipirira maphunziro a guleyu poti ndapuma pa ntchito. Manyazi a msinkhu anatha tsiku loyamba. M'kalasimo munali agogo a ku Japan, a ku Germany ndi a komweko, ndipo ku Jerez amene amavina mokoma bulerías, mtundu wina wa flamenco, ndi amayi okalamba, osalumpha ngakhale pang'ono, amangogwedeza phewa n'kunyamulako siketi.

Chovuta kwa munthu wamkulu ndi khutu. Tinazolowera nyimbo zoyenda zinayizinayi, koma nyimbo za flamenco monga bulerías, alegrías ndi soleá zimazungulira pa 12, mphamvu n'kumagwera pa 3, 6, 8, 10 ndi 12. Pa bulerías kuwerenga kumayambira pa 12, kenako 1, 2, 3. Mzere wa kugunda umenewu amautcha compás, ndipo ukautaya aliyense m'chipindamo amadziwa. Aphunzitsi anatiletsa kaye kuvina, tizingowomba m'manja: palmas sordas, zikhatho zopindika kuti phokoso limveke pansipansi woyimba asasokonezeke, ndi palmas claras, zala zitatu kumenya pakati pa chikhatho.

Mapazi anabwera pambuyo. Planta n'kumenya ndi kutsogolo kwa phazi, tacón n'kugwetsa chidendene, golpe ndi phazi lonse. Mawondo akhale opindika pang'ono nthawi zonse, apo ayi kugunda konse kumakwera mpaka kumsana. Mwendo umanyamukira kumbuyo kuchokera pa bondo, phazi n'kugwa lokha ndi kulemera kwake ngati munsi mumtondo. Pa simenti ndi pa matailosi savinapo, pamafunika thabwa. Nsapato zanga zinkalira bwino ndithu pa thabwalo, mpaka mayi wina wa ku Japan anandifunsa kumene ndinagula.

Lachisanu madzulo kunali fin de fiesta, gule wotsekera zonse. Anthu amaima mozungulira, woyimba ndi wa gitala ali chakumutu, onse akuwomba m'manja. Wofuna kuvina amalowa yekha pakati, ndipo kulowako ndiye kupempha nyimbo. Amayenda mofatsa woyimba akamaimba, amachita llamada, kugunda kodziwitsa oimba kuti zinthu zikusintha, kenaka amatseka pa 10 n'kutuluka. Zonse sizipitirira mphindi ziwiri. Ife oyamba kumene tinauzidwa kuti tingoima n'kumawomba.

Ndinaimadi, phazi lamanja likugunda pansi kusunga compás. Koma chikopa cha nsapato ya kutchalitchi n'chopyapyala, ndipo misomali yanga inali yaitali kuposa chikopacho. Golpe aliyense wa sabata yonse ankaukankhira msomali wina m'mwamba pang'onopang'ono. Unasankha nthawi imeneyo kutulukira, pansi penipeni pa chala chachikulu.

"Mayo ine!"

Ndinalumpha, n'kukagwera pakati pa bwalo. Phazi lamanja lili m'mwamba, lamanzere linadumphadumpha katatu pofuna pokhazikika, ndipo mwatsoka linagwera pa 1, 2, 3. Imeneyo ndi llamada yathunthu. Wa gitala anadzutsa mutu, woyimba anatsegula pakamwa, nyimbo inayamba, ya ine.

Chala sichikanatheka kuponda, ndiye ndinayenda ndi chidendene chokha. Manja anakwera okha kumutu monga amachitira munthu wolumidwa ndi chinkhanira, zala zikupotoka. Nsagwada zinalumana, misozi ili lengelenge. Flamenco ndi gule amene nkhope ya ululu amaiyamikira, choncho bwalo lonse linapenga. "Olé!" "Eso es!" Agogo ena ovala zakuda anaimirira pampando n'kumandikuwira ngati ndine mwana wawo wotayika.

Ndinayesa kuzemba chakukhomo. Sizitheka. Woyimba amatsatira wovina, ndipo ngati sunatseke iye amaona ngati ukufuna ndime ina. Anayambanso. Nditaloza nsapato ndi dzanja, iwo anaganiza kuti ndikuwauza aone mapazi anga, n'kuwonjezera liwiro la m'manja. Aphunzitsi anayamba kundiwerengera mokweza, maso ali pa ine, kuti nditseke. Zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi. Thupi limachita zimene linaphunzitsidwa, ndipo ife tinaphunzitsidwa kutseka ndi phazi lamanja. Ndinamenya golpe wamphamvu pa 10, msomali wonse n'kulowa. Mfuu imene ndinatulutsa inagwera ndendende pamene gitala inathera, ndipo anthu anawomba m'manja mpaka ena kupukuta misozi.

Nsapato inavulidwa ndi anthu awiri. Kuchipatala anatsuka bala, anandibaya jekeseni ya kafumbata, ndipo namwino anapempha kuti aijambule nsapatoyo akaonetse amuna ake. Wosoka nsapato wa pafupi ndi sukulu anaitembenuza kangapo, n'kundifotokozera kuti msomali wa flamenco umathera m'kati mwa chikopa kapena m'mtengo wa chidendene, sufika kumene kuli phazi, ndiponso kuti woyamba kumene safunika n'komwe misomali. Nsapato yolimba ya chidendene chachifupi ndi lamba imakwanira miyezi yoyamba.

Lolemba ndinabwerera ndi bandeji, nsapato zatsopano zili kuphazi. Aphunzitsi anaimitsa kalasi yonse.

"Mapazi a mayi awa Lachisanu anali zinyalala," anatero. "Koma nkhope! Mayi, tabwerezani nkhope ija anzanu aone."

Ndinayesa. Ndinakwinya, ndinaluma mano, ndinaganizira ngongole zanga zonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati nsapato zakale zija ndinataya.