Sabata ya mwera ku Monkey Bay

Uthenga wa imfa ya bwana amene anandiphunzitsa ntchito yapanyanja unandipeza Lolemba m'mawa ndili padoko ku Monkey Bay, manja ali bii ndi oyilo wa injini. Anapuma pantchito zaka zingapo zapitazo, koma pakati pa ife asilikali apamadzi palibe amene anasiya kuwatchula kuti Bwana. Mpata wokhala pansi n'kulira sunapezeke, popeza sabata imeneyo ndinali ndi gulu la anyamata ndi atsikana atsopano oti ndiwaphunzitse, ndipo mwera wa Julayi unali utavundula kale nyanja.

Lachiwiri tinayeserera kumanga mfundo ndi kuponya nangula. Tisanalowe m'madzi ndinapita nawo pagombe la asodzi kukafunsa za mphepo, ndipo mtsikana wina anadabwa kuti msilikali wokhala ndi wailesi komanso lipoti la zanyengo akukafunsa nkhalamba yosoka ukonde. Khalidwe limeneli ndinatengera kwa malemuwo. Iwo ankavula chipewa, n'kunjuta pafupi ndi bwato, n'kupereka moni wonse mosafulumira, kenako n'kufunsa kuti, "Agogo, nyanjayi mwaiona bwanji lero?" Julayi aliyense ankatikumbutsanso za sitima ya Vipya, imene inagubuduzika ndi namondwe pa 30 Julayi 1946 kufupi ndi Chilumba n'kupha anthu 145, ndipo ankanenetsa kuti inali sitima yatsopano, yopambana boti lililonse limene ife tinali nalo.

Lachitatu usiku tinalandira uthenga wakuti boti la asodzi a usipa lazimikira injini kuseri kwa chilumba cha Domwe. Tinawapeza kutatsala pang'ono kucha, alovi, amene amakoka ukonde, akukapa madzi ndi zigubu zodula pakati, siginala wawo, amene amakopa usipa ndi nyali, akunjenjemera ndi chisanu, nyali zonse zitazima. Titawakokera kumtunda ndinamasula sefa ya injini yawo, ndipo ndinapeza chimene ndinkachiganizira: petulo anali ndi madzi.

Madzi a m'petulo ndimawadziwa bwino, ndipo ndimachita manyazi ndikawakumbukira. Mu Januwale 2015, Ruo ndi Shire zitasefukira n'kuchititsa kuti ku Makhanga m'boma la Nsanje kusafikike pamsewu, ndinali m'boti limodzi ndi Bwana kupulumutsa anthu amene anakwera m'mitengo ndi pazulu. Chifukwa cha phuma, ndinathira mafuta a m'chigubu chimene chinagona pamvula osayamba ndachiyang'ana, ndipo injini inazima pakati pa mkokomo wa madzi, m'boti muli amayi ndi ana. Ndinayembekezera kukalipiridwa. Iwo anangotola nkhafi, n'kuyamba kupalasa okha ngati msodzi wamba, ndipo anati motsitsa mawu, "Mnyamata wanga, masula sefayo. Botili ndiligwira ine." Mayi wina atayamba kulira, anamufunsa dzina la mwana amene anamubereka kumbuyo, n'kumacheza naye mpaka injini inalira.

Akuluakulu atafunsa chimene chinatichedwetsa, Bwana anayankha kuti boti linali m'manja mwawo, ndipo dzina langa silinatchulidwe. Koma wina asaganize kuti anali munthu wolekerera. Usiku womwewo ku Bangula anandikhazika pansi ndi tochi, n'kundimasulitsa ndi kumangitsanso njira yonse ya mafuta katatu, iwo ali chiimire, mpaka zala zanga zinachita dzanzi. Titamaliza tinapeza nsima yatsala mtanda umodzi, umene anawasungira iwowo, popeza nthawi zonse ankadya pomalizira, ndipo anaugawa pakati. Patapita miyezi anandibweretsera mafomu a maphunziro a zamainjini, n'kundiuza tsiku loti ndiwabweze nditadzaza, osandifunsa n'komwe ngati ndikufuna.

Lachinayi linatha ndi malipoti ndi kuchapa maboti. Lachisanu, sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ikutuluka padoko, mnyamata wina wa m'gulu langa anaponya nangula asanamange nsonga ya chingwe ku boti, ndipo tonse tinangoona chingwe chikutsetsereka n'kumira. Ndivomereze kuti mawu amene anafika pakamwa panga sanali abwino, ndipo anzake anali atayamba kale kuseka. Ndinawaletsa, ndinatembenuza boti, ndipo m'lipoti ndinalemba kuti nangula anatayika boti lili m'manja mwanga. Kulemba chiganizo chimenecho kunandivuta kuposa mmene ndinkaganizira, pakuti katundu wa boma akatayika mafunso sachepa. Mnyamatayo ndinamupatsa chingwe cha mamita awiri n'kumuuza kuti tidzaonana Lamulungu madzulo.

Loweruka tinapita kumudzi kukaika maliro. Mwambo wachisilikali unayenda monga mwa dongosolo lake, koma maso anga anali pa nkhalamba zinayi za kugombe zimene zinabwera pa matola zitanyamula dengu la usipa wouma kuti ukhale ndiwo pasiwa, ndipo zinakhala kumbuyo kwenikweni, zipewa zili m'manja. Ndinabwerera ku Monkey Bay Lamulungu dzuwa litapendeka, mwera ukuwombabe, ndipo mnyamata uja ndinamupeza atakhala padoko, chingwe chili pamiyendo, akumanga ndi kumasula.