Tinakaona ndege zophunzirira: Cessna 152, Cessna 172 ndi Piper

Loweruka lapitali gulu lathu la achinyamata ofuna kuphunzira kuyendetsa ndege linanyamuka m'mamawa, kudzera mumsewu wa Great East Road, kupita kusukulu ina ya zandege kufupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda International Airport ku Lusaka. Tinkafuna kuona ndi maso ndege zomwe amaphunzitsira, chifukwa malipiro amawerengedwa pa ola, ndiye ndege imene wasankha ndiyo imalamula thumba lako.

Aphunzitsi amene anatilandira anayamba ndi Cessna 152. Ndi kandege ka mipando iwiri, mukakhalamo awiri mapewa amagundana. Injini yake ndi ya Lycoming, ya mahosipawa 110, ndipo anasiya kupanga ndegeyi mu 1985, kotero iliyonse yomwe mungaione ndi yakale ndithu. Asananene zambiri anatsitsa mafuta pang'ono kunsi kwa phiko m'kabotolo koonekera mkati, n'kukakweza kudzuwa. Mafutawo ndi abuluu, ndipo ngati muli madzi amakhala pansi, amaoneka okha. Anati wophunzira amachita zimenezi asananyamuke ulendo uliwonse.

Mnzathu wina anafunsa kuti, “Aphunzitsi, poti iyi ndiyo yotsika mtengo, bwanji tonse tisangoyambira pomwepa?” Yankho lake ndi limene ndikufuna amene munatsala mulimve bwino. Bwalo la ku Lusaka lili pamtunda wa mamita oposa 1,100 kuchokera panyanja yamchere, ndipo kukatentha ngati mu Okutobala mpweya umapepuka kwambiri. Injini imachepa mphamvu, ndege imathamanga mtunda wautali isanadzuke, ndiponso imakwera mwaulesi. Cessna 152 siyenera kupitirira makilogalamu 757, kuwerengera ndegeyo, mafuta ndi anthu. Anthu awiri ojintcha akakweramo, pamafunika kuchepetsa mafuta kapena kuuluka kusanatenthe.

Cessna 172 ilibe vuto lalikulu pamenepo. Ili ndi mipando inayi ndi injini yamphamvu, ndipo kuyambira mu 1956 apanga zoposa 44,000, kotero amakaniko ambiri amaidziwa ndipo zipangizo sizisowa. Koma imamwa mafuta ambiri, ola lake n'lokwera mtengo.

Piper PA-28 tinaiona mofulumira. Mapiko ake ali pansi, khomo n'limodzi lokha kumanja, ndipo mafulapu (zigawo za kumbuyo kwa mapiko zothandiza potera) amatsitsidwa ndi chitsulo chokoka ngati handibuleki ya galimoto. Woyendetsa amayenera kukumbukira kusintha thanki ya mafuta ali m'mwamba, pomwe Cessna 172 imatha kumwa m'mathanki onse awiri nthawi imodzi. Ena anaikonda chifukwa pokhota phiko silitchinga maso.

Ineyo, ndi thupi langa laling'onoli, ndiyambira pa 152 ndipo ndizipempha maola a m'mawa, chifukwa maola osachepera 40 a laisensi yoyamba si ndalama yamasewera. Anzathu olemera thupi asakakamire mtengo wotsika, atenge 172. Tagwirizana kuti aliyense akayezetse kaye kwa dokotala wa zandege asanalipire ngakhale ngwee imodzi.