Zikomo kwa onse amene munandibwereka ubwana wanu

Chionetsero changa cha luso chatsekedwa Lamlungu lapitali patatha masabata 6, ndipo dzulo tinamaliza kukulunga mawailesi akanema 7 aja m'mabulangete ndi kuyamba kuwabweza kwa eni ake. Ndisanagwire ntchito ina iliyonse ndikufuna kuthokoza poyera, chifukwa pakhomo panalembedwa dzina langa lokha, pomwe manja amene anagwira ntchitoyi ndi ambiri, ndipo ena mwa anthuwa anandiletsa kuchita zinthu zimene lero ndikanachita nazo manyazi.

Kwa amene simunathe kubwera, chipindacho chinali chamdima, ndipo mawailesi akanema akale aja, okhala ndi chubu chagalasi ndi msana waukulu, tinawaika pansi penipeni kuti munthu wamkulu asathe kuonera ali chiimire. Kutsogolo kwa wailesi iliyonse kunali khushoni, ndipo pansi pa khushoniyo tinabisa kachipangizo komva kulemera kwa munthu, kolumikizidwa ku kabolodi ka zamagetsi kotchedwa Arduino ndi kakompyuta ka Raspberry Pi. Munthu akakhala pansi chithunzi chinkabwera, akadzuka chinkasanduka timadontho toyera ndi takuda tija timene tinkaoneka siteshoni ikatseka. Kuti muone ntchitoyi munkayenera kupinda maondo ndi kukhala mmene munkakhalira muli ndi zaka 8.

Oyamba kuwathokoza ndi inu amene munandibwereka matepi a VHS, onse pamodzi 63, amene munajambulamo makatuni ndi mapulogalamu a ana kuchokera pa wailesi yakanema zaka zambiri zapitazo. Mtundu wa tepi umenewu unatulutsidwa ndi kampani ya JVC mu 1976, ndipo kampani yomaliza kupanga makina oonetsera matepiwa, Funai, inasiya mu 2016, choncho aliyense wa inu anandipatsa chinthu chimene chitawonongeka sichikanapezekanso. Matepi ambiri anafika atachita nkhungu, ena atamatana moti makina ankawakana. Achemwali anga anakhala nane usiku wambiri akutsegula makasetiwo ndi kasikuludiraiva kakang'ono, kupukuta tepi pang'onopang'ono ndi kansalu kofewa, ndi kulemba m'kope dzina la mwini wa tepi iliyonse kuti isasokonekere. Achemwali, simunadandaule ngakhale tsiku limodzi, ngakhale kuti ntchito imene ndinkati ya masiku atatu inatenga mwezi wathunthu.

Amene ndikuwathokoza koposa ndi mayi amene anayang'anira chionetserochi, ndipo ndikuwathokoza chifukwa cha tsiku limene ndinawakwiyira. Cholinga changa choyamba chinali chosavuta: kuonetsa makatuniwo monga analiri, anthu awazindikire, aseke, ajambule zithunzi. Iwo ataona zimene ndinakonza anandiuza mosapsatira mawu kuti makatuniwo ali ndi eni ake, kuti nyumba yoonetseramo singawaulutse popanda chilolezo, komanso kuti ngakhale chilolezocho chitapezeka, anthu adzawombera m'manja amene anajambula makatuniwo, osati ine. Ndinatsutsa. Ndinawakumbutsa kuti katswiri wa luso Dara Birnbaum anadula zidutswa za pulogalamu ya Wonder Woman n'kupanga nazo ntchito yake ya mu 1978 ndi 1979, imene mpaka lero imaphunzitsidwa m'sukulu za luso. Iwo anayankha kuti Birnbaum sanangoonetsa zimene anatenga, koma anazibwerezabwereza mpaka mzimayi wozungulira ndi kuphulika uja anasiya kukhala ngwazi n'kuoneka ngati makina. Anandikumbutsanso kuti akatswiri a luso Pierre Huyghe ndi Philippe Parreno atafuna kugwiritsa ntchito kamtsikana ka m'makatuni a ku Japan kotchedwa Annlee mu 1999, anachita kukagula umwini wake. Kenaka ananditumizira kanema wa Super Mario Clouds, ntchito ya Cory Arcangel ya mu 2002, popanda kulembapo mawu alionse.

Ntchito imeneyo ndinkaidziwa kale, koma ndinali ndisanaione ndi maso a munthu amene wathedwa nzeru. Arcangel anatsegula katiriji, kabokosi kosungira masewera a Nintendo, n'kusintha zam'kati mwake kotero kuti Mario, adani ake, ndalama zagolide, nthaka ndi nyimbo zonse zinachoka, n'kutsala mitambo yoyera ikuyenda pang'onopang'ono pa thambo la buluu. Aliyense amene anasewerapo masewerawo amazindikira mitamboyo nthawi yomweyo, komabe palibe amene anakhalapo pansi ali mwana n'cholinga choiyang'ana. Apa ndipamene ndinamvetsa kuti chimene ndinkafunafuna m'matepi aja si makatuni, koma zimene zinali m'mphepete mwawo. Ndinabwerera ku matepi onse 63 n'kuchotsamo chilichonse chimene chinali ndi mwini wake. Zimene zinatsala ndi timphindi tochepa pamene mwana anachedwa kudina batani loimitsa, mizere yopingasa pamene tepi inajambulidwa pamwamba pa ina, mitundu yosuluka pamene tepi inaonedwa kambirimbiri mpaka kutha, ndi mdima wa pakati pa pulogalamu ina ndi inzake. Zimenezi palibe kampani imene inazipanga, anazipanga ndi ana okhala ndi rimoti m'manja. Mayi, munanena zoona, ndipo ndikupepesa chifukwa cha kalata yaitali ija imene ndinakulemberani usiku umene uja.

Aphunzitsi anga akale, amene tsopano anapuma pa ntchito, anabwera kudzaona ntchitoyi isanathe ndipo anandisiyira mfundo ziwiri zimene zinandithandiza kuti ndisaithire shuga. Yoyamba inali yakuti mawu amene azungu amatchulira kulakalaka zakale, akuti nostalgia, anayamba ngati dzina la matenda: wophunzira zaudokotala Johannes Hofer anawapeka mu 1688 pofotokoza kupukwa kwa anthu a ku Switzerland okhala kutali ndi kwawo, makamaka asilikali, amene ena ankafika podwala nako. Yachiwiri inali ya katswiri wa luso Mike Kelley, amene mu 1987 anasokerera pamodzi zidole zoluka ndi mabulangete akale zimene anthu anataya, pofuna kufunsa kuti mwana amene wapatsidwa mphatso yotenga maola ambiri chotero amakhala ndi ngongole yanji kwa womupatsayo. Aphunzitsi anati ubwana sunali wokoma kwa aliyense, ndipo ana ena ankakhala pafupi ndi wailesi yakanema n'kukweza mawu chifukwa m'chipinda china munali mkangano. Chifukwa cha mawu amenewa ndinachotsa nyimbo zosangalatsa zimene ndinali nditaika, n'kusiya kulira kopyapyala kwa machubu okhaokha.

Patatsala masiku 10 kuti titsegule, mawailesi awiri anazima, ndipo imodzi inatulutsa fungo la chinthu chopserera. Ndinali nditagwira kale sikuludiraiva kuti nditsegule kumbuyo pamene mnzanga wina anandiletsa n'kukanditengera bambo wina wachikulire amene wakhala akukonza mawailesi kwa moyo wawo wonse. Bambowo anandiuza kuti chubu cha wailesi yamitundu chimagwira ntchito ndi mphamvu ya pafupifupi mavoti 25,000, ndiponso kuti chimasunga magetsi ngakhale mutachotsa pulagi kukhoma. Ndinawaona akulowetsa chitsulo cholumikizidwa ndi waya pansi pa kachipewa ka labala kumbali kwa chubu, dzanja linalo ali nalo m'thumba, ndipo panamveka kuthetheka kumene kunandiumitsa pakamwa. Anasintha makapasita otupa, anawotcherera mawaya amene anamasuka, ndipo pofika tsiku lachitatu zithunzi zinabwerera. Nditawasimbira za katswiri wa luso Nam June Paik, amene mu 1965 anaika maginito aakulu pamwamba pa wailesi yakanema kuti chithunzi chipindike, anaseka mpaka kupukuta misozi, nati iwo akhala zaka zambiri akuchotsa mawanga amene maginito amasiya pagalasi, osadziwa kuti akufufuta luso. Bambo, munakana kuti dzina lanu lilembedwe pakhoma, ndipo ndalemekeza zimenezo, koma chionetserochi chinatsegulidwa chifukwa cha inu.

Ndikuthokozanso achinyamata anayi amene ankasinthana kuyang'anira chipindacho, kuyatsa makina m'dongosolo lake m'mawa uliwonse ndi kudzutsa mwaulemu alendo amene maondo anawakanika.

Alendo nawonso anandiphunzitsa zimene sindinakonzekere. Patebulo la pakhomo ndinaika makatiriji akale angapo oti anthu azigwira, ndipo bambo wina wovala suti anatola imodzi, n'kuiuzira mpweya kunsi kwake asanaganize n'komwe, kenaka anayang'ana uku ndi uku ngati wagwidwa akuba. Chizolowezi chimenechi sichinkakonza kanthu, ndipo opanga masewerawo ankachita kuletsa, koma milomo yawo inali isanaiwale. Mwana wawo wamkazi, wa zaka ngati 6, anapita pa wailesi yoyamba n'kuyamba kukhwekhwereza chala pagalasi monga amachitira pa foni. Chithunzi sichinasunthe, koma galasilo linamuthetheka pachala, ndipo anatha nthawi yaitali akuyendetsa chikhatho chake pamenepo n'kumamvetsera. Kwa iye munalibe chakale chilichonse m'chipindamo, ndipo ndikuganiza kuti ndiye amene anaona mawailesiwo bwino kuposa tonsefe.

Pali mayi mmodzi amene ndiyenera kuwathokoza mwapadera. Pa tepi yawo, katuni inadukira pakati, n'kubwera masekondi 11 a denga la nyumba ndi mawu a mwamuna akufunsa ngati kamera yayaka. Nditawaimbira foni kuwafunsa, anakhala chete kwa nthawi, kenaka anati amenewo ndi malemu bambo awo, ndipo iwo sankadziwa kuti mawuwo alipo penapake, chifukwa ali mwana ankangothamangitsa tepiyo pamalopo mokwiya kuti bambo awaonongera katuni. Ndinawauza kuti kachidutswako ndikachotsa. Iwo anakana, nati kakhale pa wailesi yomaliza ya pakona, ndipo anabwera katatu kudzakhala pa khushoni ya pamenepo. Mayi, zikomo chifukwa cholola anthu osawadziwa kumva mawu a bambo anu.

Kwa bambo amene tepi yawo inaduka m'makina anga, ndikubwereza kupepesa kumene ndinapepesa pamaso. Tinailumikiza, koma masekondi angapo anatayika, ndipo kulakwa kunali kwanga chifukwa ndinaiika m'makina isanaume bwino.

Tepi iliyonse tinaikopera pa kompyuta yonse yathunthu, pamodzi ndi makatuni amene sanaonetsedwe, ndipo mwini wake adzalandira kope lake pamodzi ndi kaseti. Amene simunatenge zanu mundilembere kuno kuti tipangane tsiku. Wailesi imodzi, yaing'ono yotuwa yosweka batani lokwezera mawu, inasiyidwa pakhomo la chipinda changa chogwiriramo ntchito popanda dzina, ndipo ndi yokhayo imene sinavutepo m'masabata onse 6. Mwini wake akaona mawu ano adziwe kuti ili bwino, ndaipukuta fumbi, ndipo ndikuisunga mpaka atabwera.