Zimene mphoto za The Game Awards zandiphunzitsa pa kapangidwe ka magemu

Pa maphunziro athu a kapangidwe ka magemu a pakompyuta anatipatsa ntchito yowerenga mndandanda wa mphoto za The Game Awards, osalabadira kwenikweni za amene anapambana. Mwambo wopereka mphotozi anauyambitsa mtolankhani wa za magemu Geoff Keighley mu 2014 ku Las Vegas, ku America, ndipo masiku ano umachitika mu December ku Los Angeles. Mavoti a atolankhani olemba za magemu amatenga 90 peresenti, a osewera wamba 10 yokha, ndiye musadabwe gemu imene anzanu amaikonda ikabwerako chimanjamanja.

Mndandandawo umaonetsa kuti gemu imodzi imadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Pali mphoto ya nkhani, ya nyimbo, ya zojambula, ya kamvekedwe ka phokoso, ya amene amalankhula m'malo mwa anthu a m'gemu. Koma imene yanditengera nthawi yambiri ndi Innovation in Accessibility, yomwe inayamba mu 2020, yoyamikira magemu amene anthu olumala angathe kusewera. Yoyamba kuilandira inali The Last of Us Part II ya kampani ya Naughty Dog, imene ili ndi zinthu zoposa 60 zoti wosewera azisinthe malinga ndi vuto lake. Wina amene saona bwino akhoza kuchititsa kuti malo onse asanduke otuwa, mnzake aoneke wabuluu, mdani wofiira. Amene saona n'komwe, gemuyo imamuwerengera mawu a pa sikirini ndipo imalira mosiyanasiyana akafika podumpha kapena pamene pali chinthu chotola. Mu 2023 inapambana Forza Motorsport, ya mpikisano wa magalimoto, mmene munthu wosaona amayendetsa pomvera khutu: phokoso limamuuza kokhotera ndi nthawi yoponda mabuleki.

Izi sizingatheke pongozipachika kumapeto gemu itatha kale. Kuti mdani asanduke wofiira, pulogalamu iyenera kudziwa kuyambira pachiyambi kuti uyu ndi mdani, uyo ndi mnzako. Apa m'pamene ndamvetsa chifukwa chake aphunzitsi athu amatilimbikitsa kuika chizindikiro pa chinthu chilichonse tisanayambe kukongoletsa.

Mwambo weniweniwo sundisangalatsa kwenikweni. Nthawi yambiri imathera poonetsa magemu amene sanatuluke, kutsatsa malonda basi. Mu 2023 opambana ankapatsidwa masekondi 30 okha kuti alankhule, kenaka uthenga unkawalembera kuti amalize. Ngakhale a Larian Studios, amene Baldur's Gate 3 yawo inatenga mphoto yaikulu ya chaka, anawafulumizitsa. Anthu agwira ntchito zaka zambiri, ulemu wake n'kukhala umenewo?

Kagemu kamene ndikupanga pa kosiyi kamasiyanitsa zitseko zotseka ndi zotsegula pogwiritsa ntchito mitundu yofiira ndi yobiriwira, imene anthu ena sangathe kuisiyanitsa. Ndikuwonjezera loko wooneka pa chitseko chotseka, komanso kaphokoso kosiyana wosewera akachigwira.