Imelo sikhala m'foni: zimene ndamvetsa poika akaunti yachiwiri

Mtima wanga wakhala pansi sabata ino chifukwa chinthu chimene chakhala chikundizunguza mutu kuyambira pamene tinayamba phunziro la mauthenga a pa intaneti tsopano chamveka, ndipo chamveka mwakuti sindikuona kuti ndingadzachiiwalenso. Sindifotokoza pano mmene munthu amatsegulira akaunti ya Gmail kapena pamene amadina akafuna kulemba kalata, pakuti anzanga amene tikuphunzira limodzi mumazidziwa kale zimenezi. Chimene ndikufuna kulemba ndi chakuti imelo sikhala m'foni. Imakhala pa seva, ndiko kuti pa kompyuta ya kampani kapena bungwe limene linakupatsani adiresiyo, ndipo pulogalamu imene ili m'foni ntchito yake ndi kungopita kukaona zimene zili kumeneko. Munthu akagwira mfundo imeneyi, nkhani yonse yoika akaunti yachiwiri kapena yachitatu pa foni imodzi imasiya kuopsa.

Kumene ndikuchita atachimenti anandipatsa adiresi ya imelo ya bungwe lawo, pamodzi ndi kapepala kolembedwa mizere iwiri, wina wa incoming server (seva yolandirira makalata) ndi wina wa outgoing server (seva yotumizira makalata), uliwonse uli ndi nambala ya khomo lolowera pa sevayo pambali. Mu pulogalamu ya Gmail pa Android, munthu akadina chithunzi chake pamwamba cha kumanja n'kusankha Add another account, amapeza mndandanda wa Google, Outlook, Yahoo, Exchange ndi Other. Oyambirirawo savuta chifukwa foni imadziwa kale njira yopitira ku maseva awo. Koma adiresi ya bungwe laling'ono imalowera pa Other, ndipo ukasankha Manual setup foni imakufunsa funso limene ambiri timangolidumpha ndi maso, lakuti usankhe POP3 kapena IMAP, zimene ndi njira ziwiri zolandirira makalata kuchokera pa seva. Funso limenelo ndilo linanditsegula m'maso, chifukwa kwenikweni likufunsa kuti makalata ako ukufuna azikhala kuti.

Amene tinakula tikulandira makalata kudzera m'bokosi la ku positi la sukulu kapena la tchalitchi tingaione nkhaniyi mosavuta. POP3 ili ngati munthu amene wapita ndi kiyi ku positi, watsegula bokosi, watenga makalata onse n'kupita nawo kwawo, kotero kuti wina akabwera pambuyo pake ndi kiyi wina amapeza bokosi lili mbee. IMAP ili ngati kuwerengera makalatawo ku positi komweko, kuika chizindikiro pa amene wawerenga, kuwasanja m'magulu, kenako n'kuwasiya m'bokosi momwemo, kuti aliyense wokhala ndi kiyi akawapeze monga momwe wawasiyira. Ndi zoona kuti POP3 ungaiuze kuti izisiya kope pa seva, koma ngakhale utatero, sidziwitsa seva kuti kalata yakuti waiwerenga, ndipo makalata amene watumiza amatsala m'chipangizo chimene unalembera chokhacho.

Nditawerenga mbiri yake ndinaona kuti POP sinapangidwe mosaganiza. Inayamba mu 1984, ndipo mtundu wachitatu umene tikugwiritsa ntchito mpaka lero unatuluka mu 1988, nthawi imene munthu ankakhala ndi kompyuta imodzi, kulumikizana ndi seva kunali kwa kanthawi kochepa, ndipo malo osungira zinthu pa seva anali ochepa kwambiri. Zinali zanzeru kulowa, kukoka makalata, n'kutuluka msanga. IMAP anaiyambitsa Mark Crispin ku yunivesite ya Stanford mu 1986, ndi maganizo akuti makalata azikhala pamalo amodzi ndipo munthu aziwafikira kuchokera kulikonse. Masiku ano, pamene wophunzira mmodzi amaona imelo pa foni m'mawa, pa kompyuta ya ku ofesi masana, ndi pa laputopu yobwereka madzulo, maganizo a Crispin ndi amene akugwirizana ndi moyo wathu. Sindikuona chifukwa chimene munthu wa zipangizo zingapo angasankhire POP3.

Njira imene inandithandiza, ndipo ndikukhulupirira kuti imaposa njira ina iliyonse yophunzirira nkhani zoterezi, ndi kuyesa ndi zipangizo ziwiri zili pambalipambali. Ndinaika foni patebulo, ndinatsegula akaunti yomweyo pa laputopu, kenako ndinadzitumizira kalata kuchokera ku Gmail yanga yakale. Kalatayo inafika konsekonse mutu wake uli wa zilembo zakuda bii, kusonyeza kuti sinawerengedwe. Nditaitsegula pa foni n'kutsitsimutsa tsamba la pa laputopu, zilembo zakuda zija zinali zitapepuka, ngakhale kuti pa laputopupo sindinaikhudze. Ndinaisamutsira mu foda ina pa foni, ndipo pa laputopu inasamukanso. Ndinaifufuta, ndipo inapezeka mu Trash konsekonse. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti foni ndi laputopu sizikulankhulana zokhazokha ayi, koma chilichonse chikulankhula ndi seva, ndipo seva ndi imene ikusunga choonadi. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanalamula kuti phunziro lililonse la netiweki liziyamba ndi zipangizo ziwiri patebulo, bolodi lisanalembedwe chilichonse, chifukwa chimene maso aona chikusintha sichifunanso kuloweza.

Kuyesa komweko kunandimasulira mzere wachiwiri wa pa kapepala kaja. IMAP ndi POP3 ntchito yawo ndi yolandira basi. Kutumiza kumadutsa njira ina, ya SMTP, imene Jon Postel anailemba mu 1982, ndipo ili ndi seva yake, nambala yake, ndi malo ake olembapo dzina ndi pasiwedi. N'chifukwa chake zimatheka kuti akaunti yatsopano izilandira makalata bwinobwino koma amene walemba n'kumangokhala mu Outbox osachoka. Vuto likakhala lotero, palibe chifukwa chochotsera akaunti yonse n'kuyambiranso, koma kungopita pa outgoing server n'kuona ngati dzina la seva lalembedwa molondola, ngati nambala ndi 465 kapena 587, ndiponso ngati adiresi yalembedwa yonse pamalo a dzina.

Apa ndi pamene ndili ndi dandaulo pa kaphunzitsidwe. M'kalasi tinapatsidwa tebulo la manambala, lakuti IMAP ndi 143 kapena 993, POP3 ndi 110 kapena 995, SMTP ndi 25, 465 kapena 587, ndipo tinauzidwa kuti zimenezi zimabwera pa mayeso. Tinaloweza ndithu, koma palibe amene anatiuza momveka kuti 993 ndi 995 ndi makomo amene uthenga umadutsa utabisidwa ndi TLS, njira yoteteza uthenga kuti ena asauwerenge, kuyambira pachiyambi, pamene pa 143 ndi 110 kulumikizana kumayamba kuli poyera, zimene zili zoopsa ngati uli pa Wi-Fi ya anthu onse. Palibenso amene anatiuza kuti 25 kwenikweni ndi ya maseva pamene akupatsirana makalata okhaokha, osati ya foni. Aphunzitsi athu ndimawalemekeza, ndipo ndikudziwa kuti silabasi ndi yaitali pamene nthawi ndi yochepa, komanso kuti tsiku la labu magetsi akazima phunziro limabwerera pa bolodi. Komabe pafupifupi aliyense m'kalasimo anali ndi foni m'thumba, ndipo mphindi zochepa zokha zikanakwana kuti tione ndi maso zimene tinkaloweza. Zimandiwawa kuti manambala ndinawadziwa kale kwambiri ndisanadziwe chimene amatsegula.

Mfundo yakuti seva ndiyo mwini nkhani imafotokozanso chifukwa chake pasiwedi yolondola nthawi zina imakanidwa. Amene amagamula za kulowa si foni. Google inasiya kulola mapulogalamu olowa ndi dzina ndi pasiwedi chabe pa maakaunti a anthu wamba mu May 2022, ndipo Microsoft inachita chimodzimodzi pa Outlook.com mu September 2024. Tsopano pulogalamu yabwino imakutumiza ku tsamba la kampaniyo kuti ukalowere kumeneko, ndipo ikatero imapatsidwa chilolezo chake popanda kuona pasiwedi yako. Pulogalamu yakale imene sitha kuchita zimenezi imafuna app password, ndiko kuti pasiwedi yapadera ya pulogalamuyo, imene ku Google imakhala ya zilembo 16 ndipo imapezeka pokhapokha utayatsa 2-Step Verification, njira yofuna chitsimikizo chachiwiri kuwonjezera pa pasiwedi. Munthu wosadziwa zimenezi angathe kusintha pasiwedi yake kangapo konse akuganiza kuti waiiwala, pamene vuto lili pa khomo limene akugogoda.

Za kasamalidwe ka tsiku ndi tsiku sindichulukitsa. Popeza makalata ali pa seva, foni siyenera kukoka onse, ndipo zimenezi n'zofunika kwa ife amene timawerengera bandulo. Akaunti ya Google imasunga m'foni makalata a masiku 30 pokhapokha utasintha, ndipo pa akaunti ya IMAP ungasankhe kuti foni izikaona pa seva mphindi 15 zilizonse, mphindi 30, ola lililonse, kapena pokhapokha iwe mwini utatsegula. Ya ku atachimenti ndinaiika pa ola lililonse ndipo batire ikukhalitsa. Chimene chimafuna maso nthawi zonse ndi mzere wa From polemba kalata yatsopano, makamaka ukakhala pa All inboxes pamene makalata a maakaunti onse asakanikirana, chifukwa kalata ya kwa abwana yochokera ku adiresi imene munthu anatsegula ali ku sekondale sipereka ulemu woyenera. Ndipo kuchotsa akaunti m'foni si kuifufuta. Pa IMAP makalata onse amatsala pa seva, ndipo ukaibwezeretsa amabweranso. Pa POP3 yokha, ngati seva inkafufuta makalata akakokedwa, ndi pamene kuchotsa akaunti kungakhale kutaya zonse.

Chimene sindinagamulebe ndi chakuti kodi n'kwanzeru kuti maakaunti onsewa akhale pa foni imodzi. Anzanga ambiri amatsegula akaunti yachiwiri kuti ikhale yopulumutsira yoyamba ikatsekeka, ndipo maganizo amenewa ndi abwino, makamaka munthu akamakumbukira kuilowa nthawi ndi nthawi, popeza Google inalengeza kuti akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito ingathe kufufutidwa. Koma akaunti yoyamba, yopulumutsira, ndi simu imene imalandira manambala otsimikizira zikakhala m'chipangizo chimodzi, foniyo ikabedwa m'minibasi zonse zapita pamodzi, ndipo kudziwa kuti makalata ali bwinobwino pa seva sikuthandiza ngati ulibe njira yolowera. Manambala khumi osungira amene Google imapereka kuti uzilowera ukakhala wopanda foni ndawalemba papepala n'kuwasunga kunyumba, koma zimenezi zikuteteza akaunti imodzi yokha. Pali nkhani inanso ya akaunti ya kuntchito. Mabungwe ena amene amagwiritsa ntchito Exchange ya Microsoft kapena Google Workspace poyendetsa imelo za antchito awo amapempha mphamvu yolamulira zina pa foni, mpaka kufufuta zinthu ali kutali, ndipo sindinakhazikike mtima ngati ndingadzavomere zimenezo pa foni imene ndinagula ndi ndalama zanga. Mwina yankho ndi kusiya akaunti yopulumutsira kunja kwa foni n'kumailowa pa kompyuta yokha, koma ndikatero ndikuopa kuti ndidzaiiwala mpaka tsiku limene ndidzaifune, ndipo pakati pa ziwirizi sindinasankhebe.